Bambo akafunsa ku sikelo, amayankha ndani?

Mkazi wanga Temwa. Bere la mwana wathu. Tulo. Munthu womufunsa ndikachita mantha. Izi ndinazitaya miyezi iwiri yapitayo. Lero ku sikelo ndatayanso m'mawa wathunthu, ndipo funso limene ndinapita nalo ndabwera nalo.

Wongani ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Amakhala yekha pansi. Mkaka wa m'chitini amamwa, koma sipuni ya phala akaiona amatseka pakamwa n'kutembenuza mutu. Ndikamadya ine, amatambasula dzanja kufuna za m'mbale mwanga. Temwa ali moyo ankawerenga za njira yomusiya mwana kugwira yekha chakudya chofewa n'kumadzidyetsa. Ndinayesa Lolemba ndi nthochi yakupsa. Anaigwira, anailuma ndi nkhama zake, kenako nkhope inafiira, lilime kunja, maso ali gwa pa ine. Analavula, n'kuseka. Ine ndinakhala pansi.

Funso langa linali lomweli: kodi kumene kuja kunali kutsamwa, kapena ndi mmene mwana amaphunzirira kumeza? Nanga akatsamwa zenizeni, manja angawa achite chiyani?

Ndinapempha chilolezo kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndinamubereka Wongani, n'kutsika pa msewu wa Chintheche kupita ku chipatala chathu. Pa benchi mwamuna ndinali ndekha.

Mlangizi wa zaumoyo woyeza ana sanandiyang'ane n'komwe. Anafunsa kuti mayi ake ali kuti. Ndisanayankhe anawonjezera mokweza kuti, "Ada, bambo inu, mwawathamangitsa kodi?" Benchi yonse inaseka. Sindikuwada amayi amene aja, samadziwa. Ndinati ndili ndi funso la kadyedwe. Anati iye ndi wa sikelo basi, za kadyedwe ndikafunse anesi.

Ndinadikira pakhomo la anesi mpaka dzuwa linafika pamutu, mwana akulira kumsana. Nditalowa ndinafotokoza za nthochi ija. Anandidula pakamwa. Anati mafunso amenewo ndi a amayi, ndikawauze mayi ake abwere okha, asamatume amuna.

Ndinati anamwalira.

Anati pepani, maso ali pa foni. Kenako anati ndiye ndibwere ndi agogo ake. Ndinati agogo ake sindiwo amamudyetsa, ndine. Anati zomupatsa mwana chakudya m'manja ndi za pa intaneti, ife ophunzira timavuta, ndikamupatse phala. Ndinati phalalo akukana. Anati, "Mwana sakana. Mukumulekerera." Ndinapempha kuti angondionetsa mogwirira mwana wotsamwa, ngakhale pa Wongani yemweyu. Anati tsiku lophunzitsa linali sabata yatha, amayi anaimba ndi nyimbo zomwe. Anaitana wotsatira.

Ndiye mwana wanga adikire kaye tsiku la nyimbo ndiye atsamwe? Kuonetsa dzanja limodzi pamsana pa khanda kumatha mankhwala angati? Chipatala chomwecho ndi chimene Temwa anachirira. Ndi chomwecho chinamutumiza ku chipatala chachikulu ku Nkhata Bay kumene sanabwereko. Lero chikundituma kukamuitana.

Chifukwa chimene sindikugonera tulo n'chakuti Lamlungu apongozi anga akubwera kuchokera ku Kande. Ananena kale pa maliro kuti mwamuna salera khanda. Ndinawapempha andipatse mpata. Anati akadzapeza mwana akukanabe kudya, adzamutenga. Si anthu oipa, mwana wawo anamuika m'manda. Koma kadyetsedwe kawo ndinakaona: mwana pamiyendo, manja opanidwa, phala lothiridwa ndi chikhato mpaka ameze akulira. Wongani ndi yekhayo watsala m'nyumba muno amene amaseka ngati Temwa.

Ndikanabwera ndi yankho la anesi, ndikanawauza kuti, "Ama, akuchipatala andionetsa." Ndiwauza chiyani tsopano? Kuti akuchipatala ati ndikuitaneni inu?

Kwa oyang'anira zaumoyo m'boma lino, sindikupempha kuti wina achotsedwe ntchito. Ndikufuna mayankho. Kodi sikelo ndi ya ana, kapena ya ana okhala ndi amayi? Bambo akafunsa mmene angapulumutsire mwana wotsamwa, lamulo liti limati abwezedwe? Ngati njira yomwe ndikuyesayi ndi yoopsa, ndiuzeni chifukwa chake, ndidzamva. Ndibweranso Lachisanu, ndikhala pa benchi yomweyo mpaka wina andionetse. Abambo anzanga, mukapita kumeneko musachoke ndi "pepani" yekha.

Madzulo ano ndaphika mbatata mpaka yafewa, yoti ndikaifinya ndi zala ikuphwanyika. Ndaidula motalika ngati chala changa. Ili pa mbale, yazizira kale. Wongani wakhala pa mphasa akuiyang'ana, ine ndikuyang'ana iye, ndipo sindinasunthebe mbaleyo.

Tsiku limene ankamutengera ku Nkhata Bay, Temwa anali atalephera kale kuyamwitsa. Ine ndinali pakhomo la galimoto ndi kapu ya mkaka, mwana akukana, ine ndikumukankhira pamilomo. Temwa anandigwira pa mkono. Mawu anali atatha, ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Bambo a Wongani, musamukakamize. Muikireni pafupi, atenga yekha."