Tsiku limene ndinakatenga mphunzitsi ku Boma

Kalata inafika Lachitatu, ndipo Lachisanu tambala wachiwiri asanalire ndinali nditapopa kale njinga. Inkanena kuti boma la Mchinji lalandira aphunzitsi atatu okha ophunzitsa ana amene savutika pang'ono m'kalasi, osamva bwino ndi ochedwa kugwira zinthu, ndipo mmodzi akhoza kubwera pasukulu yathu kwa Mlonyeni ngati ahedi apita okha kukasayina. Ahediwo ndinali ine. Mtima unali m'malere.

Chiyambire sukulu yaulere, ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo. Pakati pawo panali Esinati, wa sitandade 3, wosamva bwino koma wochenjera ngati munthu wamkulu. Anali atabwereza kawiri, ndipo bambo ake anandiuza maso ndi maso kuti akalepheranso apita naye kukasoka fodya.

Nthawi ya 7 koloko ndinafika pamsewu wa tala, n'kusiya njinga pagolosale ya mnzanga. Minibasi yochokera ku Lilongwe inatilipiritsa K25, n'kutipanikiza anayianayi pampando wa atatu. Mayi wina wa geni, wopita ku Chipata kukapikula zitenje, anandiyang'ana tayi.

"Akulu, mukukafunsira mbeta kodi?"

"Ndikukatenga mphunzitsi, mayi."

"Ndiye mwatchena kuposa mkwati," anatero, galimoto yonse n'kuseka.

Pa Boma tinafika ofesi isanatsegulidwe, choncho ndinalowa m'tiyirumu pafupi ndi msika. Tiyi wamkaka ndi sikono ziwiri, K12. Moyang'anana nane panakhala bambo wina wa jekete yotuwa, waulemu wake, ndipo ine ndikasangalala pakamwa sipatsekeka. Ndinamufotokozera zonse: za kalata, za Esinati, ngakhalenso zoti nyumba imene makolo anaumbira mphunzitsi watsopano inali isanafoleredwe, malata kulibe. Iye ankangoti, "Oho, oho," akuviika sikono.

Cha m'ma 9 anandiitana. Polowa muofesi, ndinapeza wa jekete uja atakhala kale pampando. Anali ahedi a sukulu ina ya ku Chiosya, ndipo mphunzitsi wotsala anali mmodzi yekha, Mayi Mwale, amene anakhala pakona ndi sutikesi yawo pamiyendo.

Bwana wa zamaphunziro sanataye nthawi. "Lamulo mukulidziwa. Mphunzitsi amapita kumene kuli nyumba. A Zulu, kwanu ilipo?"

Ndisanayankhe, wa jekete uja anatsokomola. "Bwana, pepani, a Zulu andiuza okha m'mawa uno kuti yawo ilibe denga. Yathu ndi ya malata."

Ndinapsa mtima, koma ndikanakwiyira ndani? Ndinadzigulitsa ndekha ndi sikono ziwiri. Bwana anali atatsegula kale cholembera.

"Nyumba ilipo, bwana," ndinatero. "Ya malata, zipinda zitatu, chimbudzi chasimenti."

"Iti imeneyo?"

"Ya ahedi. Ndituluka ine, chifukwa tili ndi mwana wosamva amene sangadikirenso."

Mayi Mwale anadzutsa mutu koyamba. Anandifunsa kuti mwana wosamva uja ali ndi zaka zingati, ndipo ngati amayang'ana milomo munthu akamayankhula. Nditayankha, anauza bwana mofatsa kuti iwo angakonde kwa Mlonyeni. Ndinasayina pomwepo.

Pobwerera tinadya tchipisi pachiwaya, n'kukwera minibasi ya 1 koloko. Pagolosale paja ndinamanga sutikesi ndi matiresi a Mayi Mwale pakaliyala, ife n'kumayenda wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Njira yonse ndinkayankhula za ana, mmodzimmodzi ndi dzina lake. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti mphunzitsi sagawidwa ndi kalata ayi, amagawidwa ndi denga. Titangoona mbendera ya sukulu m'pamene ndinakumbukira kuti m'nyumba ndinaperekayo simunkakhala ine ndekha.

Akazi anga, Nachisale, anali pakhonde akusenda mtedza. Analonjera mlendo mogwada, n'kumupatsa madzi. Kenako ndinawaitanira kuseri, n'kuwauza zonse ndikuyang'ana pansi.

Nditamaliza, anandifunsa:

"Mayiwa aziphunzitsa Esinati wa a Mbewe uja?"

"Eya."

"Ndiye mwaimiranji? Kasesenitu muofesi mwanumo, tigona momwemo. Koma malata mukawapeze mvula isanagwe, apo ayi mudzanyowa nokha."