Khutu la Lonnie Radke

Lonnie Radke ndi mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga Marlene, koma ndinadziwana naye kalekale asanaganize n'komwe zodzafunsira kwathu. Tinakulira mumsewu umodzi m'katauni kathu kano, kumpoto kwa Ohio, kumene mnyamata akamasinkhuka amasankha chimodzi, mpira kapena galimoto. Mpira unamukana Lonnie. Kusukulu nako ankangopita kukatenthetsa mpando. Koma Mulungu anamupatsa khutu, ndipo khutu limenelo ndi limene linamupatsa ulemu zaka makumi anayi.

Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini ikulira, chogwirira n'kuchikanikiza pakhutu, maso atatsinzina. Pakapita kamphindi unkangomva, "Pulagi yachisanu yatopa." Ukamasula, zinalidi choncho. Kubwalo lathu la mpikisano wa magalimoto, kamsewu kowongoka ka kota ya mailo kamene kali pakati pa minda ya chimanga, anthu anaiwala dzina lake la ubatizo n'kumangomuitana kuti Khutu. Chimene chinamutchukitsa kwambiri ndi kumva kugogoda. Moto ukamayaka msanga mkati mwa injini, pamamveka kaphokoso ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini, ndipo ukakanyozera pisitoni imabooka. Enafe tinkakamva galimoto ikamadutsa patsogolo pathu. Lonnie ankakamva ali pamzere wogula soseji, atafulatira.

Mkati mwa sabata anali munthu wina. Zaka makumi atatu ndi zinayi anaima kufakitale pa chimakina chopsinja malata a zitseko za magalimoto, chija chikatsika umanjenjemera mpaka m'mano. Zotsekera m'makutu ankapatsidwa, iye n'kumaziponya m'thumba, ati akufuna kumva makinawo akayamba kudwala. Kufakitaleko palibe amene ankamudziwa kuti ndi Khutu. Anali nambala ya pakhadi basi. Tsiku lopuma ntchito anamudulira keke, n'kumupatsa jekete yoti ngakhale mkono umodzi sunalowe, bwana n'kumutchula kuti Donnie kawiri konse. Ndinalipo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima. Ulemu wonse wa munthu uyu unali wa Loweruka lokha.

Kubwalo kwathu kuli lamulo losalembedwa. Munthu ukhoza kumuseka mimba, dazi, ngakhale maphikidwe a mkazi wake, koma za injini yake sulankhula asanakufunse. Amene ankalisunga kwambiri lamuloli anali Lonnie yemweyo. Chaka china ndinauza mlendo wina kuti galimoto yake ikumwa petulo mopitirira, Lonnie anandikokera kuseri kwa thiraki.

"Alamu, wakufunsani?"

"Ndimangomuthandiza."

"Munthu wagona pansi pa galimoto imeneyo chisanu chonse. Ngati sanakufunseni, tsekani pakamwa. Akafuna, abwera yekha."

Khutu lija silinafe tsiku limodzi. Zinayamba ndi TV, yomwe inkamveka uli kugeti. Marlene ankaitana katatu kuti chakudya chapsa, ulendo wachinayi n'kukamugwira paphewa. Ukamufunsa kanthu ankangoti, "Eya, eya," ngakhale wamufunsa nthawi. Mwana wawo Renae, amene amagwira ntchito kupositi ndipo saopa munthu, anapita nawo bambo akewo kwa dokotala, anabwerako ndi timakina tiwiri toika m'makutu. Lonnie anativala tsiku limodzi, n'kutiponya m'kabati ya m'garaja momwe amasungamo manati akale. Tonse tinkadziwa. Kubwalo achinyamata ankamuitanabe kuti adzamvere injini zawo, iye n'kunena zake, iwo n'kuthokoza, atachoka n'kukafunsa kompyuta.

Atapuma ntchito anagula galimoto ya Camaro yakuda ya masiku ano, yoyendako kale. Chevelle yake ya paunyamata anali ataigulitsa Renae ali wakhanda, ndipo zaka zonsezo ankanena kuti adzamanganso ina asanafe. Nyengo ziwiri za chisanu anakhala m'garaja. Anaphwasula injini yonse, anasintha zamkati, anaika mapaipi a ekizozi otakata, pamwamba n'kumangirapo chopopera mpweya cholira ngati likhweru. Ntchito ya manja ake inali yoyera, zimenezo sindingamunamizire. Vuto n'lakuti injini za masiku ano zilibe kabuleta yoti uitembenuze ndi sikuludiraiva. Zonse imalamula ndi kompyuta, ndipo ukasintha zamkati uyenera kuichunanso ndi kabokosi kamene umalumikiza kunsi kwa chiwongolero.

Loweruka lina m'mawa tinapita atatu kusitolo ya zida za mpikisano, ine, Lonnie ndi Renae. Mwini sitolo, mayi wina dzina lake Corinne, amene anakulira kubwalo lomwelo, anaika timabokosi tiwiri pakauntala.

"A Radke, aka koyambaka kamalemba mmene injini ikuyendera. Mukatumiza zimenezo kwa katswiri, iye amakubwezerani machunidwe ake, inu n'kungolowetsa. Injini ikayamba kugogoda kamayaka getsi lofiira. Koma simungasinthe zambiri nokha."

"Katswiriyo ali kuti?"

"Ku Texas."

"Kuti?"

"Ku Texas," anabwereza Corinne mokweza.

"Ndiye munthu wa ku Texas, woti galimoto yanga sanaionepo ngakhale pachithunzi, andiuze ine mmene ikumvera m'thupi? Nanga kachiwiriko n'kotani?"

"Aka kachiwiri kamatsegula zonse. Petulo, taimingi, chilichonse mumasintha nokha pa laputopu. Palibe chokuletsani, ndipo palibe chokuchenjezani."

Maso a Lonnie anawala. Renae anaika dzanja pa kabokosi koyamba kaja.

"Adadi, tengani aka."

"Ka getsi? Ndine mwana wa sukulu ya mkaka ine?"

"Adadi, simukumva bwino masiku ano. Aliyense akudziwa. Getsi mungathe kuliona."

M'sitolo munali anthu ena atatu, onse odziwa Khutu, ndipo onse mwadzidzidzi anayamba kuwerenga zolembedwa pa zigubu za oyilo. Lonnie anafiira mpaka m'khosi. Sanamukalipire mwanayo. Anangotembenukira kwa ine.

"Alamu, inu mukuti bwanji? Nditenge kati?"

Ndakhala ndikudzinamiza kuti ndinkamumvera chisoni. Zoona zake n'zakuti ndinachita mantha, mantha a nkhalamba yosafuna kudana ndi mnzake yekhayo amene watsala. Ndinaseka pang'ono n'kunena mokweza kuti amve bwino, "Galimoto ndi yanu, alamu. Ndani kuno angaphunzitse Khutu za injini?"

Renae anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Amalume, zikomo kwambiri," anatero, n'kutuluka kukatidikira m'galimoto. Lonnie ananyamula kabokosi kachiwiri.

Musaganize kuti anali mbuli. Miyezi itatu anakhala ndi laputopu ya Marlene pa boneti, magalasi ali pamphuno, akubaya ndi zala ziwiri, ndipo anaidziwa ntchitoyo kuposa ana ambiri obadwira m'makompyuta. Galimoto inayamba kulira bwino. Chinthu chimodzi chokha chinkamusowetsa mtendere. Injini imeneyi ili ndi timasensa tiwiri tomvera kugogoda, ndipo tikamva kanthu kompyuta imabweza mphamvu kuti injini ipulumuke. Lonnie akaponda kwambiri, laputopu inkaonetsa kuti mphamvu yabwezedwa. Iye ankatchera khutu osamva kanthu.

"Tikunama timeneti," anandiuza tsiku lina masana ndili kwawo. "Tikumva mapaipi akugundana ndi chitsulo, n'kumati ndi kugogoda. Zimachitika."

Zimachitikadi, ndiye kuipa kwake. Mapaipi otakata amanamiza timasensa nthawi zina, ndipo aliyense kubwalo amadziwa wina amene zinamuchitikirapo.

"Ndiye mwatani?"

"Ndatitseka pakamwa. Pagalimoto imodzi sipangakhale omvera awiri."

Ndinamwa khofi wanga n'kuyamba nkhani ya mvula.

Tinapita nayo kubwalo Loweruka lachiwiri la Juni, mwezi wotentha kwathu kuno, dzuwa likuswa mtengo, phula likumata nsapato. Renae anali kuntchito. Marlene anakana kubwera, ati mutu. Ine ndinaima kumpanda cha pakati pa msewu, pambali pa Harv Dettmer, mkulu wina amene ankapikisana ndi Lonnie ali anyamata. Getsi lobiriwira litayaka, Camaro ija inanyamuka ngati yabayidwa. Inali yokongola, ndisaname. Itangolowa giya yachitatu patsogolo pathu, ndinakamva. Timiyala m'chitini, pang'ono chabe, pansi pa phokoso lonselo. Ndinayang'ana Harv. Harv anayang'ana nsapato zake.

Lonnie anabwerera atanyamula kapepala ka nthawi m'mwamba, nkhope ili ngati ya mwana amene wakhoza mayeso. Sanathamangepo choncho moyo wake wonse.

"Alamu, mwaiona? Harv, nkhalamba iwe, mwaiona?"

"Ikuthamanga, Khutu," anatero Harv.

"Ikuthamanga," ndinatero ine.

Anthu anazungulira galimotoyo. Ena ankaijambula, ena kumugwira dzanja, achinyamata aja amene ankamuseka kuseri nawo ankati, "Madala, mwatiphunzitsa." Theka la anthu amenewo anali atamva zimene ine ndinamva. Palibe ngakhale mmodzi amene anatsegula pakamwa, popeza munthuyo sanafunse, komanso ungayambe bwanji kuuza Khutu kuti injini yake ikugogoda? Lonnie anatsegula laputopu n'kuwonjezera taimingi pang'ono kuti moto uziyaka msanga.

Ulendo wachiwiri kaphokoso kaja kanamveka kuyambira giya yachiwiri. Mayi wogulitsa soseji, amene sadziwa kusiyanitsa pulagi ndi batire, anandifunsa kuti, "Kodi ikuyenera kumalira choncho?" Ndinanyamuka kupita komwe Lonnie anaimika, mawu ndili nawo kale pakamwa. Ndinamupeza akuuza gulu la anthu mmene anakanira katswiri wa ku Texas, onse akuseka, iye akupukuta thukuta ndi chipewa. Chipumire ntchito ndinali ndisanamuone akuseka choncho. Ndinati ndimuuza akakhala yekha. Sanakhale yekha mpaka anamuitana kumzere.

Ulendo wachitatu sanafike kumapeto. Panamveka kuphulika kumodzi kosakweza kwenikweni, utsi woyera n'kutuluka kunsi, galimoto n'kuyamba kuyenda yokha mwakachetechete mpaka inakaima pa udzu. Oyilo anatayikira msewu wonse, moti bwalo linatsekedwa ola lathunthu anthu akupukuta. Lonnie anatuluka wosavulala. Anaima pambali pa galimoto yake chisoti chili m'manja, ndipo pamene tinkaikweza pa ngolo, amuna onse aja ankangoti, "Pepani, Khutu, zimachitika."

Patapita masiku anayi Marlene anandiimbira foni kuti Lonnie akundifuna. Ndinamupeza m'garaja masana, injini ataiphwasula kale, zitsulo zake atazindandalika bwinobwino pa nsalu monga amachitira nthawi zonse. Pisitoni imodzi inali ndi bowo loti chala chachikulu n'kulowa. Pambali pake anaikapo mapulagi onse asanu ndi atatu, nsonga zake zili ndi timadontho ta chitsulo chosungunuka. Munthu wa ntchito yathu safunika khutu kuti awerenge zimenezo. Injini imeneyo inagogoda nthawi yaitali isanafe.

Atatembenuka ndinaona kuti wavala timakina ta m'makutu tija.

"Alamu, munamva?"

Ndinayankha motsitsa kwambiri, mwa chizolowezi cha zaka zonsezi chakuti zotsitsa sizimufika. "Ndinamva."

"Ulendo uti?"

"Woyamba."

"Harv?"

"Nayenso."

"Ndi ndani winanso?"

"Pafupifupi onse, alamu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akutembenuza pisitoni ija m'manja. "Onse aja amene amandigwira dzanja."

Apa ndi pamene ndinanena chinthu chimene ndidzafe nacho manyazi. Ndinafuna pothawira, ndipo ndinathawira ku lamulo lake lomwe. "Alamu, mukudziwa mmene timachitira kubwalo. Munandiphunzitsa ndinu. Munthu ngati sanafunse..."

"Ndinafunsa."

Anandiyang'ana m'maso n'kupitiriza.

"Kwa Corinne kuja, pamaso pa anthu, mwana wanga atandiuza zoona. Sindinafunse Harv. Sindinafunse Corinne. Ndinafunsa inu."

Kubwalo sanapondeko kuyambira tsiku limenelo. Camaro ili m'garaja momwemo atayiphimba nsalu, injini yake ili m'makatoni, kabokosi kaja Renae anakapereka kwa munthu wina. Pa Khirisimasi timadyera tebulo limodzi chifukwa cha Marlene, ndipo Lonnie amandipatsira mchere ndikapempha. Anthu kubwalo amandifunsa kuti Khutu ali bwanji, Harv ndiye amafunsa kwambiri, ine n'kumati ali bwino.

Koma tsiku lija m'garaja ndinayesa kupepesa. Ndinayamba kunena kuti ndinkaopa kumukhumudwitsa, kuti ndinamuona akusangalala, kuti ndinali panjira yodzamuuza. Lonnie anaika pisitoni pansi, anapukuta manja pa nsanza, anavula kamakina ka khutu lamanja, kenako ka lamanzere, n'kutiika m'kabati muja muli manati akale. Anatseka kabati n'kutenga sipanala. Ine ndinali ndikulankhulabe.