Mirta ndi Kalendala ya Bambo

Mng'ono wanga Mirta wakhala akugula matikiti awiri a basi kwa zaka zoposa makumi awiri, ina yake, ina ya chelo. Chelocho ndi chizeze chachikulu choimika pansi, amachipana ndi mawondo n'kumachiliza ndi uta. Kokatundu sichilowa, akuti chingasweke, ndiye chimakhala pazenera ngati bwana, mwini wake ali kunjira anthu akumuponda. Chaona Rosario, Córdoba, Montevideo, Porto Alegre mpaka Santiago. Ine Fanny, amene ndinatsala pamudzi kuphikira bambo, sindinapitirirepo tauni ya Paraná.

Bambo athu, a Naúm Zaidenberg, anali mlimi wa ng'ombe, komanso ndi amene ankatsogolera mapemphero m'kasunagoge ka mudzi wathu kuno ku Entre Ríos. Amuna ankakhala pansi, ife akazi m'mwamba kuseri kwa nsalu yotchinga. Ine ndinkasinza kapena kuwerenga zigamba za pansaluyo, koma Mirta ankatsamiritsa khutu n'kumameza nyimbo iliyonse. Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anapita ku Buenos Aires kukaphunzira. Kumeneko anamuphunzitsa nyimbo za ku Ulaya, koma zimene zinamutchukitsa ndi za bambo zomwezi, makamaka ija yotsekera tsiku losala kudya. Pakati pa nyimboyo Mirta amaima mwadzidzidzi, uta uli m'mwamba, holo yonse zii, kenako n'kupitiriza. Anyuzi analemba zambiri za kuima kumeneko, ena mpaka kuti ndi kulira kwa mtundu wonse. Iye ankangoyankha kuti, "Ndi mmene amaimbira bambo anga."

Koma bambowo anali asanamumvepo ngakhale kamodzi. Chimenechi ndi chimene chinkamudya Mirta. Anthu masauzande ankamuombera m'manja, iye n'kumafuna makutu awiri okha a nkhalamba yaliuma.

Si kuti sanayese. Mu 1979 anapeza holo ku Basavilbaso, pafupi pomwepa, koma okonza anaika konsatiyo Loweruka masana. Bambo anati pa Sabata sakwera galimoto ndipo zoimbira sizilira. Patapita zaka zinayi anabweranso Lachiwiri, akudzitama kuti ulendo uno wachenjera. Zinagwera m'masabata aja otsatira Pasika, pamene bambo samvera zoimbaimba. Akabwera kudzangocheza, chelo chinkatsala ku Buenos Aires, chifukwa ankafuna kuti bambo akamumve muholo ngati anthu ena onse, osati pakhonde nkhuku zikulira. Anatumiza kaseti. Bambo anaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti pemphero silikhala m'kabokosi, ndipo ndinaipeza ataichingira mwendo wa tebulo. Nkhani zonsezi wozifikitsa pafoni ndinali ine, ndipo wokalipiridwa ndinalinso ine, ngati kuti malamulowo ndinalemba ndine.

Mu 1996 bambo anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zisanu ndi zitatu, khutu lakumanja litafa, lakumanzere likutsatira. Mirta anaimba foni kuchokera ku Montevideo.

"Achemwali, tengani kalendala ija ya kubutchala, yolemba masiku a chipembedzo chathu, muwerenge tsiku lililonse. Mundipezere limodzi lokha lopanda Sabata, lopanda kusala, lopanda chilichonse."

"Ndiye ndisiye kukama ng'ombe ndizikuwerengera masiku?"

"Mukamakama muziwerenga. Makutu awo akutha, inu simukuona?"

Tinapeza Lamlungu lina mu Novembala, masana, muholo ya kopaletivu pamudzi pomwe pano, poyenda pansi. Bambo anaiyang'anitsitsa kalendalayo kufuna chifukwa, koma sanachipeze. Anandiuza kuti ndiwasitire suti. Kunena zoona, nanenso mtima unali m'malo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kutatsala masiku khumi ndi awiri, bambo aang'ono a Mendel, mng'ono wawo wa bambo, anagwa akumwetsa ng'ombe, osadzukanso. Munthu amene moyo wake wonse ankachedwa pa chilichonse, pa ichi chokha anafulumira. Ndipo wofedwa m'bale wake sameta ndevu kapena kumvera zoimbaimba mpaka patatha masiku makumi atatu.

Mirta anafika Lachisanu, fumbi lili mbuu, chelo chili kumsana. Anapepesa maliro bwinobwino. Mkangano unabuka Sabata itatha, kukhitchini.

"Ababa, ola limodzi lokha. Mukhale kumbuyo kwenikweni, palibe amene akuoneni."

"Mendel andiona."

"A Mendel ankavina paukwati uliwonse, woitanidwa ndi wosaitanidwa!"

"N'chifukwa chake afunika wina womulira mwadongosolo."

"Tisunthe tsiku ndiye."

Apa ndinalowererapo ine, kumukumbutsa kuti Lachitatu akuyembekezeka ku Córdoba, kenako ku Chile mpaka Janyuwale. Anandiyang'ana ngati ndine ndapha a Mendel.

"Ababa, mwana wanu ndine kapena kalendala? Nyimbo zanu ndazinyamula pamsana dziko lonse, mpaka phewa ili linapindika. Inu simungayende mapazi mazana awiri?"

"Ndinakutuma?" anatero bambo.

Ndinapsa mtima ndi onse awiri, moti mbale ndinazitsuka mozimenyanitsa.

Konsati inachitika. Holo inadzaza, ena anabwera pamathirakitala. Mpando wa kutsogolo umene tinasungira bambo unakhala wopanda munthu, ndipo Mirta anaimba maso ali pampandowo. Atafika poima paja, amayi ena analira. Ine sindinalire, ndinali nditakwiya kwambiri.

Lolemba m'mawa Mirta ankalongedza, basi inali ya masana. Bambo anali kukhitchini ndi kachikho kawo ka tiyi wa yerba, ndevu zili nyankhalala. Anayankhula ndi ine, koma mokweza kuti wina amve.

"Fanny, kodi anthu oimbawa sayeserera ntchito yawo? Lachitatu akachita manyazi ameneyu. Shedi ili apo, ngati akufuna. Ntchito ndi ntchito, ine sindingamuletse."

"Nanga inu?"

"Ine ndili m'nyumba mwanga. Kungoti zenera ili silitsekeka, ndinakuuza kalekale kuti uitane kalipentala."

Zeneralo linalibe vuto lililonse. Analitsegula okha n'kukokera mpando pafupi, khutu lakumanzere ataloza panja.

Mirta anakakhala m'shedimo pa chitini cha mkaka pakati pa matumba a chimanga, nkhuku zija ankazikana zikumuzungulira. Anayamba nyimbo yotsekera ija. Kuchokera pamene anakhala ankangoona ine pazenera, bambo osawaona. Bambo anatsinzina, milomo ikuyenda. Ndinati mumtima, zatheka. Kenako Mirta anafika pamalo ake otchuka, uta m'mwamba, zii.

"Waimiranji?" anakuwa bambo. "Chaduka chingwe?"

"Palibe chaduka, ababa!" anayankha ali kushedi. "Mumaima pamenepa inu!"

"Ine? Nyimbo imeneyi ilibe poima!"

"Chaka chilichonse munkaima! Ndinkamva ndekha!"

Bambo anayamba kuwerenga mawu a pempherolo ndi chala patebulo. Atafika pamalopo chala chinaima.

"Ndi pothera tsamba," anatero motsitsa. Kenako anakweza mawu. "Ndi pothera tsamba, mwana iwe! Mendel ankaima kumanzere kwangaku, buku tinali nalo limodzi, wotembenuza anali iye. Zala zake zinali ngati zichiri, tsamba osagwirika. Ndinkamudikira, ndikumuponda phazi. Inu kumwamba kuja munkaona chiyani kuseri kwa nsalu?"

Mirta anatulukira pakhomo la shedi, uta uli m'manja, nkhope itagwa.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuimitsa maholo athunthu chifukwa cha zala za a Mendel?"

"Ukanandifunsa."

"Mukanabwera!"

Ndinaganiza kuti ayambiranso, ndipo ndinali wokonzeka kuwasiya ndikakame ng'ombe zanga. Koma sanayambirenso. Bambo anali akuyang'ana kachikho kawo, misozi italenga m'maso. Pamaliro sanagwetse msozi, masiku asanu ndi awiri amene ofedwa amakhala pansi polira sanagwetsenso.

"Fanny," anatero, "muuze abwereze. Akafika pamenepo aime."

Mirta anabwerera pa chitini chake n'kuyambanso. Atafika pothera tsamba anakweza uta, maso ali pa ine kuti ndimukodole nthawi yopitiriza ikakwana. Bambo anatembenukira kumanzere kwawo, kumene kunalibe munthu, phazi lawo likufufuza pansi. Ndinamva basi ya masana ikuliza hutala kumsewu. Sindinamukodole.