Gasi Sanathe

Mpaka lero munthu akandiuza kuti "gasi watha", mutu wanga umatentha. Mawu awiri amenewa ndi amene anandidanitsa ndi mlongo wanga, mwamuna yekhayo m'mimba mwa mayi athu, ndipo ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinathirapo mafuta.

Ndimachita bizinesi ya pa boda. Ndimakatenga zitenje ndi mafuta ophikira ku Chipata, ndipo anthu akakolola ndimalowa ku Mkanda kukagula mtedza. Ndili ndi mphumu. Amene anayendapo mumsewu wa ku Mkanda mu Okutobala akulidziwa fumbi lake, lofiira, lolowa mpaka m'mano. Ndikatsegula windo pang'ono pokha, chifuwa chimayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. N'chifukwa chake pogula kagalimoto kanga, kamene kanayamba kayenda ku Japan, sindinafunse za wailesi kapena za mipando. Ndinafunsa za eyakoni basi, makina oziziritsa m'galimoto aja. Inkagwira bwino lomwe. Unkangodina batani limodzi n'kuika pa 22, iyo n'kumadziyendetsa yokha.

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anapeza mwamuna, eyakoni ija inayamba misala. Ponyamuka inkazizira bwinobwino. Ukayenda mphindi khumi, mwina khumi ndi zisanu, fani inkatsika yokha, mphepo n'kuyamba kufunda, kenako kutentha ngati munthu akukupumira kumaso. Utsegule windo, fumbi. Utseke, wapsa. Ndinkafika ku Mkanda diresi itandimata kumsana.

Achimwene anga ndi makaniko. Galaja yawo ili pafupi ndi pamene mathiraki amaima podikira mapepala a pa boda, ndipo makasitomala awo ambiri anali madalaivala omwewo. Ndi aakulu kwa ine, ndiwo mwinimbumba wathu, moti mwana wanga sangalowe m'banja iwo asanalankhule. Chinkhoswe tinali titachiika kumapeto kwa Novembala, ndipo woimira mbali yathu anali iwowo. Panalibenso wina.

Ulendo woyamba nditawapititsira vuto la eyakoni, sanalowe n'komwe m'galimoto.

"Gasi watha, achemwali," anatero ndisanamalize kufotokoza. Anatsegula boneti, kulumikiza chibotolo chawo cha gasi wa eyakoni, kuliza injini, n'kuika dzanja potulukira mphepo. "Gwirani apa. Si firiji iyi?"

Inalidi firiji. Ndinathokoza n'kunyamuka. Ndisanafike pa mlatho woyamba, thukuta linali chuchuchu.

Ulendo wachiwiri anati penapake pakudontha. Anapaka thovu la sopo m'mapaipi monse, osapeza kanthu, koma gasi anawonjezerabe. Ulendo wachitatu ndinachita kuwapempha.

"Achimwene, takwerani tiyende pang'ono. Vutoli silibwera galimoto ili chiimire."

"Ine galimoto ndimaimva ndi khutu, achemwali. Taonani thiraki iyo ikundidikira."

Anawonjezeranso gasi. Asa! Katatu konse, matenda omwewo, mankhwala omwewo.

Mnzanga wina wa pamsika ndi amene anandithira chiphe m'khutu. Anati amakaniko ena amapopa gasi m'galimoto ya uyu n'kukathira m'galimoto ya uja, iwe n'kukusiyira kochepa koti kakufikitse pakona. Ndinamukalipira kuti asanene za abale anga. Koma mawuwo ndinapita nawo kunyumba, ndipo anamera.

Tsiku lina ndikuchokera ku Mkanda ndi matumba a mtedza, m'galimoto munatentha mpaka ndinayamba kuona chizungulire. Ndinatsegula windo. Nthawi yomweyo lole ya fodya inandipitirira. Chifuwa chinatseka pomwepo. Ndinaimika galimoto m'mbali mwa msewu n'kugwada m'udzu, kupopera mankhwala m'kamwa, amayi awiri ogulitsa tomato akundikupiza ndi zitenje. Ndinaganiza kuti ndifera pamenepo, mwana wanga ndisanamuone atavala za chinkhoswe. Mpweya utabwerera, mantha onse aja anasanduka ukali, ndipo sindinapite kunyumba.

Pa galaja panali madalaivala asanu kapena asanu ndi mmodzi, ena akusewera bawo pabenchi. Sindinapereke moni kwa aliyense.

"Akuba inu!" ndinakuwa. "Mukumapopa gasi m'galimoto yanga n'kumagulitsa kwa anthu awa! Mpaka mlongo wanu yemwe kumubera? Ndikanafa lero ine chifukwa cha dyera lanulo. Inu abambo a mathiraki, muziyang'anitsitsa akamagwira galimoto zanu!"

Bawo inaima. Achimwene anatuluka pansi pa thiraki sipanala ili m'manja.

"Achemwali, mwatero?"

"Ndatero, ndipo ndibwerezanso."

Ndinabwerezadi, mokweza kuposa poyamba.

Patapita sabata, mwana wanga anapita kwa amalume akewo kukakambirana za chinkhoswe. Anabwerako maso ali psuu. Anamuuza kuti, "Ukawauze amako apeze munthu wokhulupirika. Mbava siimira mwana wa munthu." Bambo a kunyumba anandiuza kuti ndikapepese. Ndinawayankha kuti wopepesa ndi amene waba. Mwana ankalira kuchipinda, akuchimuna ankafunsa kuti ankhoswe athu akumana nawo liti, ine ndili gwa, ndi mtima wonse ndikukhulupirira kuti wolakwiridwa ndine.

Ulendo wotsatira wa ku Chipata, wogulitsa zitenje wina anandilozera kwa bambo wina wachikulire wokonza za magetsi a galimoto. Ndinayamba kumufotokozera za gasi, iye n'kukweza dzanja.

"Amai, musaniuze vamene anakamba amakanika. Niuzeni vamene motoka icita."

Ndinamuuza. Anayamba walumikiza mageji ake ku mapaipi, n'kupukusa mutu.

"Gasi ni wambili maningi. Afuna kuphulitsa kompuresa?"

Anachita kuchotsako wina. Ndinaima pamenepo ndikuonerera. Gasi amene ndinkati wabedwa anali momwemo, yense, mpaka kusefukira.

Kenako bamboyo anachita chimene achimwene anakana. Analowa m'galimoto, nane anati ndilowe, n'kutseka mawindo onse. Anapachika kachipangizo koyezera kutentha pa galasi loonera kumbuyo, n'kulumikiza kakompyuta kake kunsi kwa chiwongolero. Tinangokhala, injini ikulira. Anandionetsa nambala imodzi pa kakompyutako, ati ndi mmene galimoto ikuganizira kuti m'kati mwatenthera. Inayambira pa 31. Posakhalitsa inali pa 25, kenako 20, kenako 16. Kachipangizo ka pa galasi kaja kanali kakadali pa 28, ifenso thukuta lisanaume. Nambala itafika pa 16, fani inatsika yokha, ndipo mphepo yofunda ija inayamba, ndendende ngati pa msewu wa ku Mkanda.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. M'galimoto zotere muli kanthu kakang'ono kotchedwa sensa, ntchito yake kumva kutentha kwa m'kati n'kuuza kompyuta ya galimoto. Kakanena kuti mwazizira kwambiri, kompyuta imasakaniza mphepo yotentha kuti anthu asazizidwe. Galimoto yanga inkaganiza kuti ikundichitira chifundo. Anati zikatero pali zitatu: kasensako kafa, waya waduka, kapena mpweya wa m'kati sukukafikako. Anang'amba kapepala kopyapyala, ati akaika pa kabowo kopumira sensa, kapepalako kayenera kukakamira chifukwa kabowoko kamakoka mpweya. Anawerama kufunafuna pafupi ndi bondo langa lamanzere. Anafufuza ndi chala, kenako anayatsa tochi.

"Manje ni ndani anamata apa?"

Panali tepi yakuda, yomata kawiri, yosalazidwa bwino ndi chala. Ndinaizindikira nthawi yomweyo. Mwezi wa Juni, mphumu itandivuta, Lamulungu lina nditachoka kutchalitchi ndinazungulira galimoto yonse ndi tepi, kumata paliponse pamene ndinkaganiza kuti pakulowera fumbi: m'mbali mwa zitseko, ku buti, ndi pa kabowo aka ka timizeremizere, chifukwa m'mphepete mwake munali fumbi lambiri. Fumbilo linkaunjikana chifukwa kabowoko kamakoka mpweya, ine n'kumati likutulukira pamenepo. Inali nyengo yozizira, eyakoni sindinkaiyatsa, ndiye pofika Seputembala ndinali nditaiwala zonse.

"Ndi ana," ndinatero.

Ana ati? Wamng'ono anali ku sukulu yogonera komweko. Bamboyo sananditsutse. Anamatula tepi, kumasula pulasitiki ya pamenepo, n'kundionetsa kasensako. Mayo ine! Kanthu kochepa ngati njere ya mapira, pa timawaya tiwiri, pakamwa pa kapaipi. Anati pamene kabowo kanali kotseka, kanthuka sikankamva mpweya umene ine ndinkapuma. Kankangomva kuzizira kwa chipaipi cha mphepo chodutsa pambali pake. Anakayeza ndi mita, n'kukagwira pakati pa zala kuti kafunde, nambala n'kusintha. Kanali kamoyo. Anapemerera fumbi, kubwezeretsa zonse, n'kuika kapepala kaja pa kabowo. Kanakakamira.

Kuchoka ku Chipata mpaka pa boda, m'galimoto munazizira bwino, osasintha ngakhale pang'ono, ndipo ine ndinali wolusa njira yonse. Ndinakwiyira amene anapanga galimotoyo, kuti analephera bwanji kulemba kuti apa osatseka. Ndinakwiyira mnzanga wa pamsika uja ndi pakamwa pake. Ndinakwiyira achimwene, chifukwa akanangokhala m'galimoto mphindi khumi ndi zisanu, akanaona okha kuti nkhani si ya gasi. Koma kopambana ndinadzikwiyira ndekha. Safunsa anadya phula, ndipo ine phula langa ndinalidya pamaso pa anthu, ndikutukwana mwana wa mayi anga.

Nditamaliza za pa boda ndinalunjika ku galaja. Ndinaima pamalo omwe aja. Pabenchi panali madalaivala, ndipo ndinakweza mawu ngati tsiku lija.

"Tamverani nonse! Ndinanamizira achimwene angawa kuti anandibera gasi. Sanabe. Galimoto ndinaiwononga ndekha ndi tepi. Achimwene, pepani, ndinalakwa."

Anthu aja anangondiyang'ana kukamwa kuli yasa. Panalibe nkhope imodzi yomwe ndinkaidziwa. Achimwene anapukuta manja ndi chisanza pang'onopang'ono.

"Mukuuza ndani, achemwali? Awa afika dzulo. Amene anamva tsiku lija ali ku Lusaka, ena ku Beira, wina ku Joni. Akukamba m'malo monse mmene amaima."

Anandilozera pakona. Chibotolo cha gasi chija chinali chofundika chiguduli. Anati chichitikire zija palibe dalaivala amene wawapempha kuti agwire eyakoni, ndipo amene amabwera ndi vuto lina amaima pambali pawo osachoka mpaka ntchito ithe. Pamenepo munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ayi.

"Koma nanunso mukanakwera muja ndinakupemphani, zonsezi sizikanachitika!"

"Eee, ndikanakwera," anatero. "Ntchito ndinailakwitsa, ndikuvomera. Koma sindinabe."

Analowanso pansi pa thiraki. Ndinadikira, ndinaitana kawiri, sanatuluke.

Patapita masiku atatu anatuma mawu kudzera kwa bambo a kunyumba, kuti chinkhoswe achiyendetsa chifukwa mwana sanawalakwire. Anakumana ndi akuchimuna, analongosola zonse, sanasiye kanthu. Pa tsikulo anabwera atavala jekete, ndipo analankhula mokoma mpaka amayi a mbali inayo analulutira. Ndinayamba kupuma bwino. Ndinati zatha, chibale ndi fupa.

Itafika nthawi yodziwitsa abale kwa akuchimuna, achimwene ankaitana mmodzimmodzi kuti aimirire. Analoza mng'ono wanga n'kunena kuti, "Uyu ndi mlongo wanga wotsiriza." Analoza bambo a kunyumba, "Awa ndi alamu anga, bambo a mwanayu." Kenako anatembenukira kwa ine. Ndinaimirira, ndikukonza duku, ndikumwetulira.

"Awa ndi amake a mwanayu," anatero, n'kupitirira kwa wina.

Akuchimuna sanaone chachilendo, anaomba m'manja. Mng'ono wanga anagwetsa nkhope pansi. Ine ndinakhala pansi n'kuomba nawo.