Chaka Chimene Tinachotsa Mafuwa

Chaka chimenecho kwathu ku Vubwi, abambo anali atakalamba moti mapazi awo sankafundanso. Juni akafika, ankakhalira m'khitchini pafupi ndi mafuwa, miyendo atatambasula, n'kumakangana ndi nkhuku.

Kenaka kunabwera alendo a bungwe lina. Anati utsi wa m'makhitchini mwathu ndiwo ukuthawitsa mvula, ndipo anaumbira nyumba iliyonse chitofu chadothi chosadya nkhuni zambiri. Anati mudzi wonse ukasiya mafuwa adzatikumbira mjigo, koma akadzapeza ngakhale nyumba imodzi ikusonkha moto wapansi, mjigowo udzapita kwina. Nthawi yonse imene ankalankhula pansi pa mtengo wa mango, galimoto lawo linkangolira, ati m'kati musatenthe.

Chitofucho sindichinyoza, chimaphika bwino. Koma moto wake ndi woumira, umabisala m'dothi. Abambo ankachigwira m'mbali ngati akumva mwana malungo, kenaka n'kubweza manja m'khwapa.

Ine ndinkaphunzitsa ku Katete. Nditabwera patchuthi n'kupeza abambo akunjenjemera ndi kuzizira, ndinakatenga mafuwa aja kuseri kwa nkhokwe kumene anatayidwa. Moto usanakolere n'komwe, panatulukira mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene ndinakula ndikudya pakhomo pake. Sanakalipe. Anangokumbutsa amayi anga kuti ana ake akumwabe madzi a kudambo limodzi ndi ng'ombe. Amayi anathira madzi pamotopo.

"Musakangane," anatero abambo. "Ndisamwetse mudzi wonse matope chifukwa cha mapazi angawa."

Zimandiwawa mpaka lero. Mlongo wanga wamwamuna ku Lusaka ali ndi magalimoto ake, mafiriji, ndi jenereta yobangula magetsi akangothima. Ndakhalako kwake, ndipo sindinaonepo munthu akugogoda kudzafunsa za utsi wake. Ndi mwana wabwino ndithu, anawatumizira abambo bulangete lolemera. Iwo anathokoza, koma anati bulangete silikhala ndi makala.

Chifuwa chinawagwira mu Julaye ndipo sichinawasiye. Sindinganene kuti moto ukanawapulumutsa, anali okalamba. Mjigo anakumbadi, madzi ake ndi abwino.

Pamaliro, amuna a m'mudzi anabwera ndi zipika pangolo monga mwa mwambo, ndipo palibe anatchula za utsi. Mayi woyandikana nafe uja anasenza mtolo wa nkhuni waukulu kuposa onse. Amunawo anasonkha chimoto pabwalo, choti anthu ankachita kusunthira kumbuyo poopa kupsa miyendo. Abambo anali gone m'nyumba pamphasa, kutali ndi motowo.