Goloboyi amene anamusinthanitsa ndi ola la Lachinayi

Ndinadzuka kusanache, mvula ikuwaza padenga la galaja. Amuna tinagona momwemo, pamipando yapulasitiki, titazungulira hita ya gasi imene mkulu wina wa mpingo anabweretsa. Kwathu tikanasonkha moto panja, koma mabwalo a nyumba za ku Ellenbrook ndi aang'ono, ndipo mpanda wa aneba uli pafupi. M'nyumba amayi anali ataimba mpaka kusasa mawu. Kunkangomveka mmodzi yekha akuyambitsa nyimbo imene anzake sanailandire. Linali Lachitatu, tsiku loika m'manda Yamikani, mwana wa mlongo wanga.

Kuno ku Perth malume wake ndine ndekha, choncho mwambo wonse unali m'manja mwanga. Ndine munthu wosunga mapepala. Ndili ndi kalata yake yaubatizo, ya ukwati wake, ndi tikiti ya ndege imene inamubweretsa kuno. Ndinatulutsa pulogalamu ya maliro m'chikwama changa n'kuiwerenganso pansi pa babu, ngakhale kuti ndinailemba ndekha.

Pakona ya galajayo panali chikwama chachikulu cha Yamikani, chonunkha thukuta lakale. Masana ankayendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira zolemera, kumalo osungira katundu ku Kewdale, koma mtima wake unali pa hoke ya pa ayezi. Kumudzi anali goloboyi wa mpira wamiyendo. Atafika kuno, mnzake wa kuntchito anamutengera kubwalo la madzi oundana, anamuveka nsapato zampeni kunsi, zotchinga miyendo ndi chisoti cholimba, n'kumuimika pagolo kuti azitchinga kamphira kakuda kolimba ngati mwala. Anaima pamenepo zaka zambiri, m'timu ya anthu wamba yovala zobiriwira, mpaka imvi zinayamba. Mtima wake unaima ali kuntchito, asanafike zaka makumi asanu.

Chaka chatha timu yobiriwirayo inalembera mamembala ake uthenga. Mwana wamkazi wa Yamikani, Tadala, anandionetsa pafoni akuseka, ndipo ndinamuuza kuti andisindikizire. Unkanena kuti Yamikani wapita kutimu yovala zabuluu, ndipo posinthana naye, obiriwira alandira ola la Lachinayi madzulo loyeserera pa ayezi. Sanamusinthanitse ndi munthu mnzake. Anamusinthanitsa ndi ola. Nditamufunsa Yamikani, anaseka n'kunena kuti, “Amalume, ndine wodula.” Ine ndinaona munthu wamkulu akubisa manyazi ndi phwete, ndipo pepalalo ndinalisunga.

Pamene tinkakonza mwambo, mpongozi wanga, mkazi wa Yamikani, make Tadala, anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti bokosi linyamulidwe ndi anzake a hoke. Ndinavomera. Kwathu m'bale sanyamula maliro a m'bale wake, imeneyo ndi ntchito ya adzukulu, ndipo kuno adzukulu ake anali amenewo. Koma sanatchule mtundu wa malaya, ndipo ine ndinalemba abuluu okha.

Kutayamba kuyera, kuseri kwa nyumba kunali kale piringupiringu. Amayi anamanga lona pakati pa mpanda ndi khoma, pansi pake n'kuyatsa mbaula zagasi. Mpunga, nkhuku, nyemba ndi kabichi zinali pamoto, tiyi akuyenda m'maketulo. Magalimoto anadzaza msewu wonse mpaka kukhota. Ena anabwera molunjika kuchokera kushifiti yausiku, akadali m'mayunifomu osamalira okalamba, ena m'majekete onyezimira a kumafakitale. Mayi wachizungu woyandikana nafe anabweretsa makeke n'kuima pakhomo osadziwa kuti avule nsapato kapena ayi. Ana obadwira kuno ankatumidwa m'Chichewa n'kumayankha m'Chingelezi.

M'galaja nkhani ya ola ija inabuka, chifukwa ndinaibutsa ndine. Ndinayendetsa pepalalo kuti aliyense aone. Bambo wina wa ku Lusaka analiwerenga, analitembenuza, n'kunena kuti, “Ba mudala, ola imozi chabe? Olo nkuku ili na mutengo.” Anthu anaseka chapansipansi, ndipo ine ndinamva kuti agwirizana nane.

Thupi linali kwa okonza maliro, ndipo tinagwirizana kuti tikakumana nalo kutchalitchi. Ndinatsogola kuti ndikaone mipando. Nditafika ndinapeza amuna ataima m'magulu awiri pamalo oimika magalimoto, abuluu ochepa, obiriwira ambiri, aliyense atavala malaya a timu pamwamba pa shati yoyera ndipo atagwira ndodo yake ya hoke. Wotsogolera obiriwira, kaputeni wawo, anali munthu wamkulu thupi, wa ndevu zaimvi, zikhadabo zakuda ndi oilo. Anandipatsa dzanja, n'kunena m'Chingelezi kuti apepesa kwambiri, ndipo make Tadala anawatumizira uthenga kuti adzanyamule nawo.

Dzanjalo sindinalilandire. Ndinamuuza kuti anthu amene anasinthanitsa mwana wanga ndi ola sangagwire bokosi lake. Ndinati akhoza kukhala kumbuyo ngati wina aliyense, malaya awowo abisike, ndodo zibwerere m'magalimoto, ndipo pamdipiti wopita kumanda akhale kumapeto kwenikweni. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kufotokoza, kenako anayang'ana galimoto yamaliro imene inali kulowa pageti.

“Inu ndi abanja,” anatero. “Tamva.”

Anakoka mazipi a majekete awo mpaka m'khosi. Palibe amene anatsutsa, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kuposa ngati akanatsutsa.

Abuluu anali atamudziwa Yamikani nyengo imodzi yokha, ndipo sanakwane. Ndinawonjezera amuna awiri a mpingo. Abuluuwo ankangoyang'anayang'ana kumbuyo pamene ankalowetsa bokosi. Mpongozi wanga anafika atazunguliridwa ndi amayi, duku litatsika mpaka m'maso. Tsiku lamaliro namfedwa safunsidwa kanthu, ndipo ine ndinadalira mwambo umenewo. Ndinamuona akukweza mutu kamodzi n'kuwerenga ndi maso anthu onyamulawo.

Kwaya inaimba bwino. Abusa analalikira m'zinenero ziwiri, ndipo anatalikitsa. Mbiri ya malemu ndinawerenga ndine, kuyambira kubadwa kwake, sukulu, ukwati, ntchito. Pa zamasewera ndinangotchula timu yabuluu. Pa nthawi yoona nkhope, obiriwira anadutsa pomalizira, manja ali kumbuyo.

Popita kumanda ndinakwera galimoto yotsatana ndi yamaliro, ine kutsogolo, mpongozi wanga kumbuyo ndi mkulu wake ndi Tadala. Mvula inali italeka, koma mitambo inali yakuda kumbali ya nyanja.

“Amalume,” anatero mpongozi wanga, “obiriwira aja bwanji sananyamule?”

Ndinamufotokozera, ndipo ndivomere kuti ndinafotokoza monyadira. Ndinagwira ngakhale chikwama kuti ndimuonetse pepala. Mkulu wake anamugwira bondo kuti asayankhe apongozi patsiku ngati limeneli, koma iye anayankha, motsitsa mawu, akuyang'ana pawindo.

Anati mumzinda wonse uno mabwalo a ayezi ndi ochepa, ndipo matimu amalimbirana nthawi. Ola la obiriwira linali loipa kwambiri, moti amuna olawirira kuntchito anayamba kusiya mmodzimmodzi, timu n'kutsala pang'ono kutha. Abuluu anali ndi ola labwino koma analibe goloboyi, ndipo popanda goloboyi palibe masewera. Anthu ofuna kuima pagolo kuti aziwombedwa ndi kamphira kaja ndi osowa. Yamikani ankadziwa kuti mawondo ake atha, ndipo kumbuyo kwake kunali wina amene anamuphunzitsa yekha, akungokhala pabenchi. Anapita yekha kwa abuluu, kenako kwa kaputeni wake.

“Anawauza kuti, ndigulitseni ndisanatsike mtengo. Wandevu uja anakana, anakana, mpaka bambo a Tadala anamukalipira. Kenako ankadzitama nazo m'nyumba mpaka ndinatopa. Ati palibe goloboyi wina ku Perth amene anagulapo Lachinayi.”

Ndinati pepala silinanene zimenezo.

“Anakuuzani yekha, amalume. Munayesa nthabwala. Wandevuyo ndi amene anadzanditenga kupita kuchipatala tsiku lija.”

Ndinkafuna kuti galimoto iime, koma mdipiti wamaliro suima. Ndinadzilimbitsa mtima kuti kukadali kunyamula kwina, kuchoka pagalimoto kupita pamanda, ndipo kumeneko ndiwapatsa iwowo. Titafika, ogwira ntchito kumanda anali kale ndi changu. Kuno maliro ali ndi nthawi yake ngati basi, ena amakhala akudikira pambuyo panu, ndipo mpaka lero ndimaona kuti si ulemu. Ndinawapempha kuti adikire. Anayang'ana mitambo, anayang'ana mzere wa magalimoto umene unali usanathe kulowa pageti, n'kupepesa. Obiriwira anali kumapeto kwenikweni, kumene ndinawaika ine. Abuluu ananyamulanso. Pamene majekete otsekedwa aja ankatulukira pakati pa mitengo ya bulugamu, bokosi linali litakhala kale pamalamba a makina otsitsira.

Mphepo inkaulutsa mchenga woyera wa m'mbali mwa dzenje. Abusa anamaliza pemphero n'kundiyang'ana kuti ndilengeze zotsatira. Papulogalamu panalembedwa kutsitsa thupi, kenako nkhata m'ndondomeko yake: namfedwa, mwana, malume, mpingo, akuntchito, abuluu. Sindinayambe ndasiyapo zimene ndalemba. Ndinapinda pepalalo n'kuliika m'thumba, ndipo ndinanena m'Chingelezi kuti timu yobiriwira ibwere kutsogolo, ndi malaya awo poyera.

Anayang'anizana kaye. Kenako mazipi anatsika. Ndodo zinali m'magalimoto, kutali, monga ndinalamula. Anabwera pamzere, ndipo aliyense anawerama n'kugogoda kawiri ndi chibakera chofewa pachivundikiro, kumutu. Tadala anandinong'oneza m'Chingelezi kuti amatero pachisoti cha goloboyi masewera akatha, kaya apambana kaya agonja. Abuluu analowa pamzere womwewo. Womaliza anali wamtali, wamapewa akuluakulu, ndipo anagogoda n'kusiya dzanja pomwepo mpaka mnzake anamukoka. Ndinadziwa popanda kuuzidwa kuti ndiye uja wa pabenchi.

Wandevu sanali pamzerepo. Ndinafunsa mmodzi wa iwo, ndipo anandiuza kuti anachokera kutchalitchi konkuja n'kubwerera kushopu yake ku Welshpool. Ati sankafuna kuwonjezera mtolo pabanja.

Makina anatsitsa bokosi mwakachetechete. Tinaponya dothi ndi manja, tinaika nkhata, ndipo mvula inayamba tisanamalize nyimbo. Kukwirira, ogwira ntchito kumanda anati atsala akwirira okha ndi thirakitala. Anthu anathamangira kumagalimoto, amayi atafunda zitenje kumutu.

Kunyumba anthu anadya ataimirira, ena m'galaja, ena pansi pa lona. Obiriwira ochepa anabwera, ndipo amayi anawadzazira mbale mpaka anachita manyazi. Bambo wa ku Lusaka uja anandipeza pakhomo n'kundiyamikira kuti ndachita bwino kuwakhululukira azungu aja pamanda. Sindinamukonze. Mawu anali pakamwa, koma wina anandiitana kuti ndikalandire chipepeso cha mpingo, ndipo ndinapita.

Pofika madzulo msewu unali utayera. Mipando inasanjikizidwa, mbaula zinazimitsidwa, mwini hita anadzatenga hita yake. M'nyumba munatsala amayi ochepa ogona ndi namfedwa, akulankhula monong'ona. Ndinakhala m'galaja pafupi ndi chikwama chija n'kutulutsa pulogalamu m'thumba. Inali yonyowa, inki itayenderera. Ndinaiyanika pabondo kuti ndidzaisunge mmene ilili, yopanda dzina la obiriwira, pamodzi ndi pepala la ola lija.

Mpongozi wanga anatulukira pakhomo la kukhitchini atanyamula kapu ya tiyi, ndipo pamkono pali jekete lochindikala la Yamikani. Anagwada n'kuika tiyi pansi pafupi ndi phazi langa. Ndinayamba kulankhula, koma anapukusa mutu.

“Si ine woti mundiuze, amalume.” Anaika jeketelo pamwamba pa chikwama. “Kumazizira kubwalo la ayezi kuja. Mawa ndi Lachinayi, wandevu adzakhala komweko.”

Anabwerera m'nyumba n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Ndinaliyesa jeketelo. Manja ake anali aatali, ndipo ndinawapinda.