A Valdomiro ndi Atsikana a pa Siteji

Kuno ku Recife, m'dziko la Brazil, akuti a Valdomiro akalamba ndi chimasomaso. M'mawa umawapeza pa siteji, ndodo m'khwapa, atamatirira atsikana. Onena zimenezi miyendo ali nayo yabwinobwino, chopuwala ndi mutu.

Zoona zake n'zakuti nkhalamba zimakwera basi ulere, ndipo a Valdomiro amachedwa kukweza mwendo wawo umodzi womwe ndi wakufa. Madalaivala, mbuzi zimenezi, akaona ndodo amayang'ana kumbali n'kudutsa. Akaona siketi, mabuleki mpaka kulira. Ndiye mdalayu, kuti akafike kuchipatala asanatseke mzere, amaima pomwe paima siketi.

Nditawauza mphekeserayi, sanaseke n'komwe.

"Mphwanga, wofuna atsikana ndi dalaivala. Ine ndimafuna basi, basi."